Kuseri kwa Arthur's Seat, Kumene Akavalo Ankakoka Sitima

Ana anga, ndi inu adzukulu anga amene munabadwira kuno ku Edinburgh, njira ija ya Innocent mumaidziwa kuposa ine, pakuti ndinu amene mumaipalasa pa njinga m'mamawa popita ku sukulu ndi ku ntchito, ena mumathamangamo madzulo makutu mutatseka ndi nyimbo, ena mumakankhamo tingolo ta makanda Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi. Miyendo yanu njirayo inaizolowera, koma mbiri yake imalowera kukhutu. Ine ndinafika mumzinda muno m'zaka za m'ma 1960, ndili mtsikana wodzaphunzira unamwino, ndipo ndinkakhala m'nyumba zosanjikizana za ku St Leonards, pafupi ndi pamene inkathera njanji imene inadzasanduka njira imeneyi. Ndinaipeza ikadali ndi zitsulo zake. Zina zimene ndikuuzeni ndinaziona ndi maso angawa, zina ndinazimva kwa nkhalamba za kuno zimene zinagona kalekale, zina ndinachita kukawerenga ukalamba utandipatsa mpata. Khalani pansi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chiyambi cha zonse ndi chisanu. Dziko lino munthu sungagonemo wopanda moto, ndipo nkhuni zinatha makedzana, choncho anthu ankaotha malasha, kuphikira malasha, kutenthetsera madzi malasha. Machumuni ankafuka usana ndi usiku mpaka mzindawu unapatsidwa dzina loti Auld Reekie chifukwa cha utsi umene unkaonekera kutali, ngakhale kutsidya la nyanja ku Fife. Malashawo sanali kutali ayi. Anali kummwera chakum'mawa, ku Midlothian, cha ku Dalkeith ndi Newbattle, kumene amonke anayamba kuwakumba m'zaka za m'ma 1200. Vuto linali msewu. Ngolo ya kavalo inkatitimira m'matope nyengo yamvula, inkafika mochedwa, ndipo pofika m'tauni mtengo wake unali utakwera moti mayi wosauka ankagula a m'manja okha. Mu 1822 anatsegula ngalande ya Union Canal, ngalawa zinayamba kubweretsa malasha ochokera kumadzulo, ndipo eni migodi a kunoko, akuluakulu monga Duke of Buccleuch ndi Marquess of Lothian, anaona kuti msika ukuwathawa. Ndiwo anakakamira za njanji. Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 1826, injiniya wake anali James Jardine, ndipo mu July 1831 ngolo zoyamba zinalowa ku St Leonards. Dzina lake lenileni linali Edinburgh and Dalkeith Railway, njanji yoyamba kulowa mumzinda uno, kutalika kwake makilomita opitirira pang'ono 13.

Koma ndisanakukwezeni pa ngolozo, ndikufuna mutsike kaye pansi pa nthaka, chifukwa kumeneko ndi kumene mtima wanga umakhala ndikamaganiza za njira imeneyi. Pa masitepe athu panali gogo wina, mzungu wamfupi wa tsitsi la mbuu, amene ankandiitana kukamwa tiyi akaona kuti ndasungulumwa. Agogo ake omubalira mayi anagwira ntchito mumgodi ali kamtsikana, ndipo nkhani zawo iye anazisunga bwinobwino. Iye ndiye anayamba kundiuza kuti okumba malasha a ku Scotland anali anthu omangika. Lamulo la mu 1606 linkati wokumba malasha sangachoke pa mgodi wa bwana wake popanda chilolezo, mgodi ukagulitsidwa anthu ake ankapita nawo limodzi, ndipo mwana ankatha kumangidwa pa ntchitoyo akadali khanda, makolo akalandira kandalama pa tsiku la ubatizo. Ufulu wonse anaupeza mu 1799. Ine ndinakhala kukamwa yasa, chifukwa kwathu tinkaphunzira kuti anthu a ku Scotland ndiwo anabwera kudzathetsa ukapolo m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndipo n'zoona anabweradi, koma panalibe anatiuza kuti agogo a ena mwa iwo anali atangomasulidwa kumene.

Bambo ankakumba, mayi ndi ana aakazi ankanyamula. Dengu lalikulu kumsana, lamba wake atamukoleka pamphumi, thupi litawerama mpaka manja kutsala pang'ono kugunda pansi, malasha olemera makilogalamu opitirira 50, ndiye azikwera nawo makwerero onyowa mumdima, kandulo ataluma kukamwa, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, kuyambira nkhuku zisanalire mpaka dzuwa litalowa. Lamba wa amene ali patsogolo akaduka, katundu ankagwera amene ali m'munsi. Amayi oyembekezera ankagwira mpaka tsiku lochira, ndipo patangotha masiku owerengeka ankabwerera. Chakudya chawo chinali phala la oats lothira mchere, timikate touma ta oats yemweyo, ndi madzi a mumgodi momwemo. Boma litatuma anthu kukafufuza, ndipo ana atafotokoza okha zimene ankaziona, lamulo la mu 1842 linaletsa akazi onse ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi pa nthaka. Werengani nokha: kuyambira 1831 mpaka 1842, ena mwa malasha amene ankadutsa m'njira imene mumathamangamoyo anali atatuluka mumgodi pamsana pa mwana wamkazi.

Sitima yake inalibe mutu wa moto, inkakokedwa ndi akavalo. N'chifukwa chake njirayo ndi yosalala chotero, yopanda zitunda, yokhota pang'onopang'ono, moti ngakhale ine ndi mawondo angawa ndimaiyenda osapuma wefuwefu. Kavalo pa njanji yosalala amakoka katundu wochuluka kwambiri kuposa pa msewu wamatope, koma chitunda sachikhoza, ndiye Jardine anayeza nthaka mosamala kuti nyama isavutike. Panali malo amodzi okha pamene nzeru imeneyi inakanika. St Leonards ali pamtunda, ndipo pakati panali thanthwe la m'mphepete mwa Holyrood Park. Anaboola. Phanga limene mumakuwamo kuti mumve mawu anu akubwerera lija ndi lalitali mamita opitirira pang'ono 500, analimanga ndi miyala ya ku Craigleith, ndipo pa mamita 30 alionse limakwera mita imodzi. Akavalo ankafika kumunsi, pansi pa miyala yoimirira ija ya Samson's Ribs, n'kumasulidwa. Ngolo ankazimangirira ku chingwe chachitali, ndipo makina a nthunzi amene anali pamwamba, osasuntha, ankazikoka kudutsa mumdimamo, nyali za gasi zikuyaka m'makoma. Mukadzadutsa pa kamtsinje ka Braid Burn, imani muone kamlatho kachitsulo kali pamenepo. N'ka mu 1831, kanapangidwa ndi a Shotts Iron Company, ndipo ndi kamodzi mwa milatho yakale kwambiri ya mtundu umenewo imene idakalipo.

Eni njanji ankaganiza za malasha okha, za anthu analibe nazo ntchito. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1832 munthu wina wabizinesi, Michael Fox, anaika ngolo yakale yonyamula anthu pa njanjipo, n'kumangirira kavalo, ndipo anthu anakhamukira. Chaka choyamba chokha anakwera anthu pafupifupi 150,000, mpaka kampani inaona kuti ndalama zili pamenepa n'kuyamba kuyendetsa yokha. Ulendo wake unali wachifatse. Munthu ankaimitsa ngolo paliponse, pa chipata cha munda, pa mphambano, pafupi ndi nyumba ya azakhali ake, ndipo woyendetsa ankaima. Matikiti kunalibe, ndipo mkulu woyang'anira njanjiyi atafunsidwa ndi aphungu chifukwa chake, anafotokoza kuti ambiri mwa okwera ankakwera asanatsimikize kumene akatsikire. Ine nkhani imeneyi imandikoma kwabasi. Tangoganizani banja la m'tinjira tothithikana ta ku Cowgate, ana osaonapo munda wa tirigu, atakwera ngolo tsiku lopuma, akutuluka m'phanga muja n'kuona bango la ku Duddingston, ng'ombe, mlengalenga wopanda utsi. Wolemba mabuku Robert Chambers ndiye amatchulidwa kuti anafalitsa dzina loti Innocent, poyerekeza kufatsa kwa akavalowa ndi ukali wa sitima za moto zimene zinali zitayamba kwina. Mudzamva ena akunena kuti dzinalo linadza chifukwa sipanachitikepo ngozi, koma ngozi zinalipo, anthu ankavulala, makamaka podumpha ngolo ikuyenda.

Nthambi ina ya njanjiyi inkapita ku doko la Fisherrow, ku Musselburgh, ndipo kumeneko kunali amayi ena a madengu. Amuna awo akabwera ndi nsomba, amayiwa ankazilonga m'dengu, lamba pamphumi ngati anzawo a kumgodi, n'kuuyatsa wapansi makilomita 8 mpaka m'tauni, atavala masiketi awo amizeremizere opindira m'chiuno, ndipo akafika ankakwera masitepe a nyumba zosanjikizana khomo ndi khomo, akuitanira malonda ndi mawu omveka msewu wonse. Nsomba ankazitumbula pakhomo pomwepo, mayi wa panyumba akuyang'ana. Anali amayi amphamvu, osaopa munthu, ndalama za pabanja ankasunga ndi iwo, ndipo mu 1811 anachita mpikisano wawo wa gofu ku Musselburgh, mphoto yake dengu latsopano. Iwowa ndiwo ankadyetsa mzinda. Nsomba ya herring yoviika mu ufa wa oats n'kukazinga, haddock, ndi nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, zimene lero mumazionera m'malesitilanti odula, masiku amenewo zinali ndiwo za amphawi, mpaka anazikokolola zonse m'nyanja ya Forth. Sitima zitabwera, amayiwa anayamba kukwera ndi madengu awo, ndipo ine ndinawapezako otsiriza, okalamba, akuyendabe ndi dengu kumsana m'misewu ya kuno.

Tsono za mantha. Mukakwera kuchoka pa njirayi kulowa m'mudzi wa Duddingston, pa chipata cha tchalitchi chakale chija, chimene chakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1100, pali kanyumba kansanja. Kanamangidwa mu 1824 kuti anthu azilondera manda. Sukulu za udokotala za mumzinda muno zinkafuna mitembo yophunzirira, malamulo ankalola yochepa, ndiye panabuka anthu ofukula maliro usiku n'kukagulitsa. Kwathu akuluakulu ankagona tulo tochepa maliro akangoikidwa, poopa afiti, ndipo ine nditaona kansanjako ndinazindikira kuti mantha amenewa ndi amodzi, kuopa kuti m'bale wako sagona mumtendere. Abale ankasinthana kulondera mpaka thupi litaonongeka moti silingagulidwenso. Ndiye mu 1828, njanji ili mkati momangidwa, kunamveka za Burke ndi Hare, amene sanavutike n'kufukula, ankangopha amoyo, anthu 16, n'kukagulitsa kwa Dr Robert Knox. Burke ananyongedwa mu January 1829 khamu likuonerera. Amuna amene ankaboola phanga lija ankamva nkhani zimenezi, ndipo madzulo ankabwerera kwawo kudzera m'tinjira topanda nyali.

Chisanathe chimenecho, kumayambiriro kwa 1832 kunagwa kolera, ndipo Musselburgh ndi Fisherrow anali m'gulu la malo amene anavutika koyambirira. Munthu wadzuka bwinobwino m'mawa, pofika usiku wapita. Panalibe ankadziwa kuti matendawa akuyenda m'madzi akumwa, ambiri ankati ndi mpweya woipa, ndipo osauka ankaopa chipatala kuposa matendawo, poganiza kuti akakalowa kumeneko mathero ake ndi pa tebulo la madokotala ophunzira. Mvula ikakuona litsiro sikata. Ndipo mu 1836 anyamata ena osaka akalulu pa Arthur's Seat, phiri lomwelo limene limakuyang'anani mukamadutsa, anapeza timabokosi ta maliro 17 tobisika m'kaphanga, kalikonse kotalika ngati chala, mkati muli kachidole kovekedwa nsalu. Amene anatiika ndi chifukwa chake, anthu akukanganabe mpaka lero. Tisanu ndi titatu tilipo, ku National Museum of Scotland pa Chambers Street, mukhoza kukationa osalipira.

Musaganize kuti moyo unali misozi yokhayokha. Chisanu chikalimba, nyanja ya Duddingston inkaundana, ndipo mzinda wonse unkatsikira kumeneko, olemera ndi osauka, ena kutsetsereka ndi nsapato zazitsulo kunsi, ena kuseweretsa miyala yosalala pa madzi oundanawo, masewera a curling, amene malamulo ake a anthu a ku Duddingston a mu 1804 anatsatiridwa ndi ambiri pambuyo pake. Akazizidwa ankakalowa ku Sheep Heid Inn. Mudziwu unkadziwika ndi msuzi wa mutu wa nkhosa, wowauka bwino pamoto n'kuwiritsidwa ndi balere, chakudya cha anthu osataya kanthu. Pafupi ndi pakamwa pa phanga pali akasupe otchedwa Wells o' Wearie, pamene amayi ankachapira zovala n'kuziyanika pa udzu.

Masiku a akavalo sanachuluke. Mu 1845 kampani ya North British Railway inagula njanjiyi, inakulitsa mpata wa pakati pa zitsulo kuti ufanane ndi wa njanji zina, inabweretsa mitu ya moto, ndipo pofika 1847 okwera anayamba kutsikira pakati pa tauni, pamene lero pali Waverley. Mbali ya kummwera inasanduka chiyambi cha njanji yaikulu imene inafika ku Hawick mu 1849 ndi ku Carlisle mu 1862. Kachigawo ka St Leonards kanatsala ka katundu yekha, ndipo kanagwira ntchito imeneyo zaka 120, mwakachetechete. Ndi mmene ndinakapezera ine. Bwalo lalikulu lakuda bii, milu ya malasha, amalonda a malasha aliyense ndi kaofesi kake, nyumba zosungiramo whisky, fungo la chimera lochokera kofululira mowa, limene mphepo ikatembenuka linkalowa mpaka m'zovala, ndi fakitale yosindikiza mabuku ya Nelson cha ku Parkside. Kumunsi, ku Craigmillar ndi Duddingston, mafakitale a mowa anali ndandanda chifukwa madzi a pansi pa nthaka kumeneko ndi abwino.

Malasha ankabwera pakhomo ndi abambo akuda nkhope ndi fumbi, chikopa kumsana, thumba la makilogalamu 50 paphewa, kukwera nalo nsanjika zitatu kapena zinayi. Nyumba zambiri zinali chipinda chimodzi ndi khitchini, bedi lolowa m'khoma, chimbudzi cha pa masitepe chogawana mabanja angapo, ndipo mayi aliyense anali ndi sabata yake yokolopa masitepewo, tsoka kwa woiwala. Kuchapa ankapita ku nyumba yochapira ya onse, imene ankaitcha steamie, ndipo nkhani zonse za m'dera zinkaphikidwa kumeneko. Ankadya phala la mchere m'mawa, msuzi wa balere ndi fupa la nkhosa, nyama yogaya ndi mbatatesi, ndipo Lachisanu nsomba ndi tchipisi zokulunga mu nyuzipepala. Nyumbazo zinali zitatopa. Anthu ankakambabe za Penny Tenement ya ku Beaumont Place, imene mwini wake anafuna kuigulitsa ndi kobiri imodzi kuti athawe zokonza, ndipo khoma lake linagwa usiku mu November 1959 anthu ali mtulo. Mwa chisomo cha Mulungu sipanafe munthu. Pambuyo pake misewu yambiri ya dera limeneli inagwetsedwa, ndipo mabanja anamwazikana, monga mmene ena anasamutsidwira kale ku Niddrie ndi Craigmillar m'zaka za m'ma 1930.

Ife a ku Malawi tinali owerengeka, tonse tikanakwana m'chipinda chimodzi. Ufa wa chimanga kunalibe, nsima tinkaphika ya semolina, n'kumauzana kuti bola yalowa m'mimba. Akuluakulu a mpingo ankatilandira bwino, ndipo ena ankakumbukira Dr Kamuzu Banda, amene anaphunzira udokotala mumzinda muno kuyambira 1938 mpaka 1941. Chimwemwe chathu chachikulu chinadza mu 1970, pa masewera a Commonwealth, pamene dziwe losambira lija la pa Dalkeith Road linali latsopano ndipo osewera ankagona ku Pollock Halls, pafupi penipeni ndi phanga la njanji. Tatu Chionga anapata mendulo ya bronze pa nkhonya. Masewerawo atabweranso kuno mu 1986, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anachitanso chimodzimodzi. Tinakuwa mpaka mawu kusasa.

Koma pofika 1970 njanji inali itafa kale. Zinaipha n'zambiri. Lamulo loletsa utsi la mu 1956 linayamba kuzimitsa moto wa malasha m'nyumba, anthu anatembenukira ku magetsi ndi gasi, malole anatenga katundu amene kale ankayenda pa sitima, ndipo lipoti la Dr Richard Beeching la mu 1963 linatsegula khomo lotsekera njanji zambirimbiri m'dziko lonse la Britain. St Leonards anatsekedwa mu 1968, chaka chomwecho mgodi wa ku Newcraighall unatsekedwa, ndipo mu January 1969 njanji yaikulu ija ya ku Carlisle nayo inaima. Mgodi wa Lady Victoria ku Newtongrange unatsatira mu 1981, Bilston Glen mu 1989, Monktonhall mu 1997. Mpweya unayera, inde, ndipo ine amene ndinasamalira zifuwa za anthu a mumzinda muno sindingalire utsi umene uja. Koma walira mvula walira matope. Ku Craigmillar ndi Niddrie ntchito zinatha motsatizana, migodi, njerwa, mowa, ndipo abambo amene ankadzuka mbandakucha anayamba kukhala pa zenera tsiku lonse.

Zitsulo anazula, ndipo kwa zaka zingapo njirayo inali tchire. Minga ya mabulosi akutchire inatseka ponseponse, anthu ankatayako matiresi ndi mabotolo, ana ankalowa m'phangamo poyesana kulimba mtima, ndipo amayi ankawakalipira akamva. Apa ndi pamene njanji zambiri zinathera: wina agula kachigawo amangapo nyumba, wina atchinga mpanda, wina agwetsa mlatho, ndipo njira ikaduka pamodzi yatha yonse, madzi akatayika saoleka. Masiku amenewo akuluakulu okonza mzinda maso awo anali pa galimoto, ankajambula misewu ikuluikulu yodzadutsa pakati pa nyumba za anthu, ndipo wokwera njinga ankaoneka ngati munthu wotsalira.

Amene anaona patali anali anthu wamba. Mu 1977 okwera njinga a kuno anayambitsa gulu la Spokes, ndipo chaka chomwecho ku Bristol kunabadwa gulu limene linadzatchedwa Sustrans, limene linayamba ndi kusandutsa njanji yakale ya pakati pa Bristol ndi Bath kukhala njira ya njinga ndi oyenda pansi. Ankalemba makalata, kupita ku misonkhano ya khonsolo, kujambula mapu, chaka ndi chaka osatopa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Khonsolo ya chigawo, Lothian Regional Council, inamva, ndipo m'zaka za m'ma 1980 njira ya Innocent inalambulidwa n'kutsegulidwa, kenako phanga nalo linaikidwa magetsi n'kuloleza anthu. Lero ili mbali ya National Cycle Route 1, ndipo njanji zina zakale za kumpoto kwa mzinda, za ku Roseburn, Trinity, Granton ndi Leith, zinatsata njira yomweyo. Nyumba ina yakale yamiyala ya njanjiyi ku St Leonards idakalipo. Kwa zaka zambiri inali Engine Shed, kumene achinyamata ovutika kuphunzira ankaphunzitsidwa kuphika buledi, ndipo tsopano akutcheza whisky m'menemo.

Ine ndimaikonda njira imeneyi nyengo zonse. Mu April akakowa aakulu otuwa aja amamanga zisa m'mitengo ya m'mbali mwa nyanja ya Duddingston, kuseri kwa khoma la Bawsinch kumene a Scottish Wildlife Trust amasunga tchire, ndipo phiri lonse limachita chikasu ndi maluwa a minga. Mu August mabulosi amapsa, ana amabwera kunyumba milomo ili bii. Nkhungu ya kunyanja, imene kuno amati haar, ikalowa, Arthur's Seat amasowa ngati sanakhalepo. M'nyengo yachisanu dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndipo mumangoona tinyali ta njinga tikutsatana. Chimene chimandigwira mtima koposa n'chakuti njirayi imalumikiza Niddrie, Bingham ndi Craigmillar ndi pakati pa mzinda, popanda tikiti. Mnyamata wopanda ya basi amafika ku ntchito. Mayi woyenda pa njinga ya aulumali amapita yekha kukaona mbalame. Zidzukulu za amayi a madengu aja zikuyenda pomwepo manja ali m'thumba, msana uli woongoka, ndipo zambiri sizidziwa kuti kuyenda opanda katundu ndi chinthu chatsopano m'banja mwawo.

Pali zimene ndikudandaula, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Inu a njinga, potsika m'phanga muja liwiro limakoma, ndikudziwa, koma kutsogoloko kuli nkhalamba yosamva bwino, kuli kamwana kongophunzira kuyenda, kuli galu wa munthu. Imbani belu mukadali patali, ndipo podutsa perekani moni, sizidula. Inunso oyenda pansi musatseke njira yonse ngati mwaigula. Ndipo ana anga aakazi, usiku musadutse nokha. Makoma ndi aatali mbali zonse, potulukira ndi pochepa, ndipo magetsi a m'phanga sathamangitsa munthu wa mtima woipa.

Njanji imathanso kudzuka. Mu September 2015 sitima zinayambanso kuyenda kuchoka ku Waverley mpaka ku Tweedbank, pa Borders Railway, ndipo cha ku Eskbank ndi Newtongrange zikutsata mzere womwe uja wa akavalo, mbali zina zimene anthu anali atazolowera kuyendamo pansi. Tsopano mwamva mkangano wa Roseburn Path, kumene khonsolo ikulingalira zodutsitsa tram kuchoka ku Granton, ena akuti mzinda ukukula ndipo anthu a kumpoto akufunika mayendedwe, ena akuti mitengo ndi bata zikapita sizidzabwerera. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo ine ndimamvera onse, ngakhale mtima wanga umapendekera ku mitengo. Mkanganowo ulipo chifukwa chakuti anthu a m'ma 1980 sanalole kuti mizere imeneyi iduledule.

Tsiku lina Loweruka mudzakwere sitima imeneyo mukatsike ku Newtongrange. Mgodi wa Lady Victoria anausandutsa National Mining Museum Scotland, chitsulo chake chachitali cha pamwamba pa dzenje chidakaima, ndipo ena mwa oonetsa alendo ndi abambo amene anagwirapo ntchito pansi pa nthaka. Akukalamba, ngati ine. Mukawafunse za makwerero ndi madengu, ndipo mutengeko ana.